Mankhwala Azifika Kumene Kuli Matenda

Wapampando, aphunzitsi a zamankhwala, madokotala ndi anamwino, ophunzira athu, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa ulemu wotsegulira msonkhano uno.

Wodwala akameza kapisozi, ambirife timati ntchito yatha, chonsecho ulendo wangoyamba kumene. Mankhwala ena amphamvu ndithu amangodutsa m'matumbo osalowa mokwanira m'magazi. Koma matumbo omwewo akalandira nyemba, usipa kapena dzira sazengereza. Thupi limaphwanya mapuloteni kukhala tizidutswa ta ma amino acid, ndipo m'khoma la matumbo muli zipata zolowetsera tizidutswati, china mwa izo dzina lake PEPT1. Nzeru imene yatisonkhanitsa ndi yoveka mankhwala chovala chimene mlonda wa pachipata amachidziwa.

Acyclovir, amene timapatsa odwala mashingozi, amamwedwa kasanu pa tsiku chifukwa wolowa m'magazi ndi wochepa. Atamulumikiza ndi amino acid wotchedwa valine panatuluka valaciclovir, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1995. Woposa theka amalowa m'magazi, ndipo katatu pa tsiku n'kokwanira.

Kumbali ya mabakiteriya chitsanzo tili nacho m'midzi mwathu momwe. Ampicillin anabwera mu 1961, amoxicillin mu 1972. Onse awiri ali ndi nthambi ya amino acid, ndipo amasiyana pang'ono chabe pa nthambi imeneyo, koma amoxicillin amalowa m'magazi pafupifupi kuwirikiza kawiri. Mlangizi wa zaumoyo akawerenga kapumidwe ka mwana n'kupeza kuti akubanika ndi chibayo, mayi amasungunula piritsi la amoxicillin m'supuni ya madzi kapena mkaka wa m'mawere, mwana n'kumwa pomwepo. Jakisoni ndi diripi zimafuna chipatala, namwino ndi ndalama ya kabaza. Ichi n'chifukwa chake ine ndikuti kwa ife, mankhwala akumwa ogwira bwino ntchito ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Nawo mabakiteriya amamanga khoma lawo ndi amino acid wotchedwa D-alanine. Cycloserine, mankhwala a chifuwa chachikulu chosamva mankhwala, amafanana naye, motero amasokoneza kumanga khomalo.

Nthawi siili kumbali yathu. Mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ndiye kunavutika koposa. Kugula makapisozi awiri pa golosale n'kusiya mutu ukangoleka kupweteka kukuonjezera vutoli.

Kwa aboma ndi abwenzi otithandiza, pempho langa ndi lakuti malabotale a m'sukulu zathu za ukachenjede akhale ndi zipangizo ndi magetsi odalirika, kuti ana athuwa athe kuyesa okha zimene amangowerenga m'mabuku. Ophunzira inu, musathawe phunziro la chemistry poti ndi lovuta, odwala akukudikirani.

Ndi mawu amenewa, Wapampando, ndikulengeza kuti msonkhano uno watsegulidwa.