Pangano la Lendi Likatha Munthu Akadali M'nyumba

Lero nkhani yathu ikuchokera ku Ntcheu, kumene nyumba za lendi zachuluka pa Boma, pa Lizulu ndi pa Kampepuza, m'mbali mwa mseu wa M1.

Tiyerekeze chonchi. Mphunzitsi wina walemberana pangano ndi mwini nyumba loti akhalemo chaka chimodzi, kulipira K60,000 pa mwezi. Disembala watha, pangano latha, koma palibe amene wanenapo kanthu. M'Januwale mphunzitsi wapereka lendi monga mwa nthaŵi zonse, mwini nyumba walandira, nalemba lisiti. Pofika Malichi mwini nyumba uja akubwera ali wokwiya: pangano linatha kale, lendi inakwera kuyambira Januwale, mulipire zotsalazo kapena mutuluke maŵa.

Kodi walakwa ndani? Lamulo la kalembera wa malo, Registered Land Act, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1967, likunena kuti munthu amene analoŵa mwachilungamo, nakhalabe pangano litatha mwini wake akuvomereza, aŵerengedwa kuti akupitiriza pa mfundo za pangano lakale lija. Ndipo kulandira lendi ndiwo umboni wa kuvomerezako. Tsono popeza mphunzitsi amalipira pa mwezi, pangano lake tsopano likuyenda mwezi ndi mwezi, pa mtengo womwe uja. Wofuna kulithetsa, kaya mwini nyumba kaya mphunzitsi, ayenera kudziŵitsa mnzake kudakali mwezi wathunthu.

Sindikunyoza eni nyumba ayi. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo simenti ndi malata zinakwera mitengo. Kukweza lendi si mlandu. Koma mtengo watsopano sungabwerere m'mbuyo kukagwira miyezi imene munalandira kale ndalama, manja aŵiri, mukuthokoza. Ndipo zija timamvazi, zozula chitseko kapena kusasula denga ana ali m'kati, nzochititsa manyazi. Munthu akakana kutuluka, njira yake ndi ku khoti la majisitireti.

Inunso a m'nyumba za eni, musagone tulo poti lamulo lakuikirani kumbuyo. Chitetezo chanu ndi cha mwezi umodzi basi. Ngati mwana wanu akulemba mayeso a Sitandade 8 ndipo simufuna kusamuka pakati pa chaka, pitani kwa mwini nyumba pangano lisanathe, mukalemberane lina pamaso pa mboni. Malisiti onse muwasunge.