Nkhwaira za Asekuru ndi Mathithi a Chisanga



Ndifunse kaye. Ndi angati muno amene anafikako ku mathithi a Chisanga? Ndikuona manja anayi okha, chonsecho ambiri a ife ndife ana a kuno ku Chitipa.

Ine ndinapitako ndili Fomu 3, kumapeto kwa nyengo yozizira, sukulu titatsekera. Tinali anyamata asanu ndi mmodzi ndi aphunzitsi athu a Jogalafe. Tinagona ku Nthalire masiku atatu kudikira matola, ndipo kumeneko nsapato yanga yokhayo inakanuka kamwa. Mkulu wina wa m'mudzimo, amene tinkangowatcha Asekuru, anaitembenuza nati, "Mwana wanga, iyi ku Nyika sikafika. Khala pansi apa."

Anadula mapazi awiri pa tayala lakutha, naboola mabowo ndi msomali wowotcha pamoto. Kenaka anatenga chikopa cha ng'ombe chosafufuta, nachilezaleza timizere ngati luzi, n'kutiviika m'madzi usiku wonse. Ntchito yoluka anandisiyira ine. Chingwe chimalowa pakati pa zala, chipingasane pamwamba pa phazi, chizungulire chidendene, ndipo mfundo iyenera kubisala m'mphako ya tayala kuti isadyeke ndi miyala. Ndinamasula kanayi konse. Iwo osakhudza n'komwe, ankangoti, "Wathina. Chikopa chimamangidwa chonyowa, chikauma chimadzikoka chokha." Patapita zaka ndinawerenga kuti anthu a ku Canada amalukanso chikopa chonyowa pa thabwa lopinda popanga nsapato zazikulu zoyendera pa chipale chofewa. Nzeru yake ndi yomweyi.

Tikuluka choncho, Asekuru anandiuza kuti kwawo kwenikweni kunali kumtunda. Nyika inakhala paki m'chaka cha 1965, ndipo pamene boma linakuza malire ake mu 1978, midzi yambiri inasamutsidwa, wawo womwe. Manda a makolo awo anatsala m'kati. Anandifotokozera njira ya ku mathithi mtengo ndi mtengo, koma kutiperekeza anakana. Anati safuna kukapempha chilolezo pakhomo pa bambo awo. Mawu amenewo sindinawamvetse nthawi imeneyo.

Tinalowera pa chipata cha Kaperekezi m'mamawa. Kuzizira kwake, abale! Paja phiri la Nganda limapitirira mamita 2,600, ndipo m'madambo a pamwambapo udzu umachita kuyera ndi chisanu. Zala zanga zinali pamtunda, sindinkazimva. Wa gemu anatitsogolera kutsetsereka m'nkhalango, ndipo mkokomo tinaumva madzi tisanawaone. Pamenepo mtsinje wa North Rukuru umadumpha pa matanthwe kuchoka pa Nyika, ulendo wa ku Karonga kukathira m'nyanja. Mvula inali italeka kalekale, mitsinje ya kumudzi itayamba kuphwa, koma apa madzi anali gwaa, ozizira ngati a m'firiji. Aphunzitsi anati udzu ndi madambo a pamwamba zimasunga mvula ngati siponji n'kumaitulutsa pang'onopang'ono. Za m'buku ndinaiwala, izi zokha ndimakumbukira.

Tsono ine mwachibwana ndinalowa m'madzi nkhwaira zili kuphazi. Chikopa chinafewa n'kutamuka, ndipo chitunda chonse pobwerera ndinakwera wopanda nsapato, anzanga akufa nazo nseko. Asekuru atamva anangoti, "Ndinakuuza mmene chimaumira, za kunyowa ukanafunsa."

Bambo Wapampando, pempho langa nali. M'thumba lathu timagula mabuku ndi mipira, ndipo n'zabwino. Koma tipatuleko ndalama ya mafuta a lole imodzi ndi yolipira pachipata, kuti ana a Fomu 3 akaone Chisanga mwezi wa Julayi ukudzawu. Popita akaime ku Nthalire, akacheze ndi akuluakulu amene anabadwira kumtunda, pakuti atsala owerengeka. Ine ndayamba ndi thumba limodzi la ufa wa pa ulendo. Msungichuma ali pakhomo apo ndi kope lake.