Kayendetsedwe ka Msonkhano wa Zachilengedwe m'Mudzi

Ine ndapatsidwa mutu wa m'mene tingayendetsere msonkhano pamene mudzi ukufuna kupangana za nkhalango, dambo kapena doko la asodzi, makamaka ngati anthu ayamba kale kukokana.

Lamulo la nkhalango la 1997 linapereka mwayi woti midzi ikhale ndi makomiti osamalira zachilengedwe, ndipo lamulo la usodzi la chaka chomwecho linavomereza kuti asodzi azitengako mbali posamala nsomba. Koma lamulo la boma silithetsa mkangano wa pa bwalo. Woyendetsa msonkhano ndiye amakumana nawo maso ndi maso.

Tiyeni titengepo phunziro pa zimene zinachitika ku nyanja ya Malombe, m'boma la Mangochi. Chambo chitachepa kwambiri, mu 1993 a nthambi ya zausodzi anayambitsa makomiti a m'madoko. Ganizo linali labwino. Vuto linali lakuti m'makomiti ambiri munachuluka anthu amene sankapita pa madzi, ndipo anyamata okoka makoka, amene chakudya chawo chimadalira nsomba za tsikulo, analibe mawu. Kwinanso mafumu ndi makomiti anayamba kulimbirana mphamvu. Malamulo a maukonde anapangidwa ndithu, koma kuwasunga kunavuta.

Tsono funso loyamba la wapampando lisakhale lakuti, tiika lamulo lanji? Likhale lakuti, tikatseka nkhalangoyi, ndani agone ndi njala? Alipo amayi otola nkhuni ndi bowa, alipo asing'anga okumba mankhwala, abusa a mbuzi, oweta njuchi, ngakhalenso ootcha makala. Ndikudziwa kuti ena a inu simufuna kumva dzina la wootcha makala. Muitaneni basi. Mukamusiya kunja, lamulo mulipanga masana, iye akadula mitengo usiku. Ndipo musadikire tsiku la msonkhano. Yendani m'makomo mwawo masiku angapo zisanachitike, muyambe ndi a mfumu, kuti mudziwiretu pamene pali chilonda.

Pa tsikulo, wapampando sali woweruza milandu. Ntchito yake ndi kugawa mpata wolankhula. Tonse tikudziwa kuti mayi salankhula momasuka apongozi ake ali pomwepo, ndiponso kuti a mfumu akayamba kunena maganizo awo, ena onse amangowomba m'manja. Chomwecho pemphani mwaulemu kuti a mfumu atsegule bwalo, koma maganizo awo adzanene pomaliza. Amayi apatseni nthawi akambirane paokha, achinyamata paokha, kenaka gulu lililonse lifotokoze zimene lagwirizana.

Mawu akayamba kukwera, musathamangire kukhazika munthu pansi. Bwerezani zimene wanena mofatsa, kuchotsako chipongwe chokha, ndipo mufunseni kuti, "Kodi ndakumvani bwino, bambo?" Munthu akaona kuti wamveka, mtima umatsika. Nthawi zambiri mudzapeza kuti chimene akukanganirana si mitengo ayi, koma malire a munda a kalekale kapena nkhani ya ufumu. Zimenezo zitchuleni poyera, muzipereke ku bwalo la a mfumu tsiku lina. Ngati nkhani ndi malire a nkhalango yeniyeniyo, nyamukani nonse mukayende m'malirewo, akuluakulu akuloza mtengo, chulu kapena khwawa. Malire okambirana mutakhala pansi pa kachere sagwira.

Kuyambira 1994 tazolowera kuvota, ndipo n'chinthu chabwino. Komabe pa nkhani ya nkhalango musafulumire kukwezetsa manja. Anthu 40 akagonjetsa anthu 15, anthu 15 aja akhalabe m'mudzi momwemo, nkhwangwa zawo ali nazo. Ndi bwino kufunafuna njira yoti nawonso apezepo kanthu, monga masiku otola nkhuni zouma, kapena mbali ina yodulako milimo ndi chilolezo cha komiti.

Zimene mwagwirizana mlembi azilembe ndi kuziwerenga mokweza anthu asanabalalike, pamodzi ndi chindapusa chake ndi tsiku lodzakumananso. Chindapusacho chikhale chimodzi kwa aliyense, kaya ndi mphwake wa a mfumu, kaya ndi mkamwini wobwera. Ndipo pa msonkhano wotsatira msungichuma ayambe ndiye kuimirira, anene ndalama zimene zinalowa, amene analipira, ndi kumene ndalamazo zili.