NYUMBA YA MLEMBI WA MASEWERO NDI ANTHU AMENE ANAIPULUMUTSA



Akuluakulu a chikondwerero chino atandipempha kuti ndilankhulepo za kusunga cholowa cha makolo, ndinaganiza zoti ndipite nanu kutali pang'ono, ku Mangalande, kuti tikaone nyumba ina yakale ya m'mudzi wa Stratford-upon-Avon. Nyumbayo ili mumsewu wotchedwa Henley Street, ndipo m'menemo ndimo munabadwira William Shakespeare, mlembi wa masewero amene dzina lake lamveka pa dziko lonse. Nkhani yanga sikutamanda nzeru zake ayi. Ndifuna kukamba za anthu amene anapereka chuma chao kuti dzina lake ndi ntchito zake zisafafanizike.

Tsiku lenileni limene iye anabadwa silinalembedwe. Chimene chinalembedwa ndi ubatizo wake: pa 26 April 1564, m'tchalitchi cha Holy Trinity. Kaundula wa parishi ndiye mboni yoyamba ya moyo wa munthu wamkuluyu, ndipo buku limenelo lilipo kufikira lero. Bambo wake, John Shakespeare, anali mmisiri wosoka magolovesi a zikopa. Amayi ake anali Mary Arden, mwana wa mlimi. William anakwatira Anne Hathaway m'chaka cha 1582, napita ku London kumene anachita ndi kulemba masewero, namwalira kwao pa 23 April 1616.

Tsono mwana wa mmisiri wa zikopa anapeza kuti maphunziro? Ku Stratford kunali gulu la akhristu eni ake lotchedwa Guild of the Holy Cross, limene linkathandiza amphawi ndi okalamba, ndiponso linkasunga sukulu. M'chaka cha 1482 wansembe wina, Thomas Jolyffe, anapereka malo ake kuti phindu lake lizilipira mphunzitsi, ndipo ana aziphunzira ulere. Gululo linathetsedwa pa nthawi imene Mangalande anapatukana ndi Roma, koma sukuluyo inakhazikitsidwanso mu 1553, m'ufumu wa Edward VI. Akatswiri ambiri a mbiri amakhulupirira kuti m'chipinda chimenecho ndimo mnyamata William anaphunzira Chilatini ndi nkhani za Aroma akale. Jolyffe anamwalira osadziwa kuti mphatso yake idzalera yani. Akuluakulu anati kupatsa nkuika.

Chithandizo chachiwiri chinadza iye atamwalira. Shakespeare sanasonkhanitse masewero ake m'buku limodzi. Anzake awiri amene ankachita naye masewero, John Heminges ndi Henry Condell, ndiwo anatolera zolembedwazo nazisindikiza mu 1623, m'buku la masewero 36. Mwa amenewa, 18 anali asanasindikizidwepo ndi kale lonse. Pakadapanda anthu awiriwa, masewero monga Macbeth, Julius Caesar ndi The Tempest akadatayika. Ife amene tinaphunzira m'Chipwitikizi tikumbukira Gil Vicente: nayenso masewero ake anasonkhanitsidwa ndi ana ake, nasindikizidwa mu 1562. Koma popeza palibe amene anasunga nyumba yake kapena kaundula wa ubatizo wake, mpaka lero Apwitikizi amatsutsana za mudzi umene iye anabadwira.

Musaganize kuti Angerezi anali osamala masiku onse. Shakespeare atalemera, anagula nyumba yaikulu yotchedwa New Place mu 1597, ndipo m'menemo ndimo anakhala zaka zake zomaliza. Nyumbayo inamangidwanso mwa mtundu wina mu 1702, ndipo pambuyo pake inagwa m'manja mwa mbusa wina, Francis Gastrell. Pabwalo pake panali mtengo wa mabulosi umene anthu ankati anabzala ndi Shakespeare yemwe. Mbusayo atatopa ndi alendo obwera kudzaona mtengowo, anaudula. Atakangananso ndi akuluakulu a mudzi pa nkhani ya msonkho, anagwetsa nyumba yonse mu 1759. Amene apita kumeneko lero amapeza munda wa maluwa pamalo pamene panali nyumba. Madzi akatayika saoleka.

Nyumba ya ku Henley Street nayo inali pangozi. Mbali ina inasanduka malo ogulitsira mowa ndi ogona alendo, mbali ina malo ogulitsira nyama. Alendo ankalemba maina ao pa makoma ndi pa mazenera, ena nkumasema timitengo ta mipando kuti akaonetse kwao. Ngakhale John Adams ndi Thomas Jefferson, amene pambuyo pake anadzakhala atsogoleri a dziko la America, anasemako kachidutswa ka mpando pamene anacheza kumeneko mu 1786. Chikondi chopanda mwambo chinali kudya nyumbayo ngati chiswe.

M'chaka cha 1847 kunamveka kuti nyumbayo ikugulitsidwa kwa aliyense amene apereke ndalama zambiri. Kunamvekanso mphekesera yakuti P. T. Barnum, Mmerika wina wochita malonda a zionetsero, afuna kuigula, kuiphwasula ndi kuitumiza pa sitima ya pamadzi kwao. Apo mitima ya anthu inadzuka. Anakhazikitsa makomiti awiri, ina ku Stratford, ina ku London, nayamba kupempha zopereka kwa olemera ndi osauka omwe. Pa 16 September 1847 makomitiwo anagula nyumbayo ndi mapaundi 3,000. Ndalama zimene anasonkha sizinakwane, kotero kuti anakongola zotsalazo, ndipo ngongoleyo inawalemera zaka zingapo. Charles Dickens, mlembi wotchuka wa nthano, anasonkhanitsa anzake nayenda m'mizinda kuchita masewero, kuti papezeke ndalama zolipira munthu wosunga nyumbayo.

Kugula kunali chiyambi chabe. Pakati pa 1857 ndi 1864 anakonza nyumbayo, nagwetsa nyumba zina zimene zinagundana nayo, poopa kuti moto ukabuka kwa oyandikana nawo ungadzapsereze zonse. Mu 1891 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwelo mwa lamulo. Ndilo limene lidziwika ndi dzina lakuti Shakespeare Birthplace Trust. Mu 1892 linagula nyumba ya kwao kwa Anne Hathaway, ndipo mu 1949 nyumba ya Hall's Croft, imene anthu amati munkakhala Susanna, mwana wa mlembiyo, ndi mwamuna wake, sing'anga John Hall. Mu 1964, pokumbukira zaka 400 za kubadwa kwake, anatsegula nyumba yosungiramo mabuku ndi makalata akale pafupi ndi nyumba yobadwirayo.

Pali chinthu china chimene chionetsa ulemu wa bungweli. Mu 1930 linagula nyumba ina m'mudzi wa Wilmcote, pokhulupirira kuti ndi kwao kwa Mary Arden, ndipo kwa zaka 70 alendo ankauzidwa choncho. M'chaka cha 2000 kafukufuku wa makalata akale anaonetsa kuti nyumba yeniyeni inali ina yoyandikana nayo, yotchedwa Glebe Farm. Mwamwayi bungwelo linali litaigula kale mu 1968, pofuna kungoteteza malowo. Silinabise cholakwacho: linalengeza poyera, nilikonza maina. Wosunga mbiri ayenera kukonda choona koposa ulemerero wake.

Bungweli ndi lachifundo, ndipo ndalama zake zambiri zimachokera kwa alendo olipira pakhomo ndi kwa anthu opereka mwa kufuna kwao. Chifukwa cha ichi, mliri wa korona utatseka zitseko mu 2020, linalowa m'mavuto aakulu, mpaka boma linachita kulithandiza ndi ndalama zapadera. Patapita zaka 173 chigulireni nyumbayo, kunaoneka kuti ntchito yosunga siikhala ndi tsiku lomaliza. Denga lofolera agogo, adzukulu ayenera kulifoleranso.

Mwina wina afunsa kuti: kodi nkusungiranji makoma, pamene masewero ali kale m'mabuku? Yankho lake ndi ana. Mwana akalowa m'chipinda chimene mmisiri ankasokeramo zikopa, nadziwa kuti mlembi wamkuluyu anakulira m'menemo, amayamba kuganiza kuti nzeru sizibadwira m'nyumba za mafumu zokha. Nchifukwa chake bungweli limalandira ana a sukulu ndi aphunzitsi ao, ndipo mu 2014 linayambitsa sabata ya Shakespeare ya ana a m'sukulu za pulayimale.

Zipatso za kusungaku zinafika ndi kuno ku Afirika. Sol Plaatje wa ku South Africa anamasulira sewero lina la Shakespeare m'Chitswana, nilisindikizidwa mu 1930. Julius Nyerere wa ku Tanzania anamasulira Julius Caesar m'Chiswahili mu 1963, ndi The Merchant of Venice mu 1969. M'ndende ya pa Robben Island, buku la masewero a Shakespeare linkayenda m'manja mwa akaidi, aliyense nkusankha ndime yomukhudza mtima ndi kulembapo dzina lake. Nelson Mandela analemba lake pa 16 December 1977, pa ndime ina ya Julius Caesar. Heminges ndi Condell sakadalota kuti buku lao lidzatonthoza anthu a m'ndende kumwera kwa Afirika.

Abale anga, m'nkhani yonseyi mwamva maina a wansembe wopereka munda, abwenzi awiri otolera mapepala, ndi anthu osawerengeka amene anaponya kandalama kao m'thumba la komiti. Palibe mmodzi wa iwo amene analemba sewero lofanana ndi la Shakespeare, komabe popanda iwo sitikadamudziwa monga timdziwira lero. Mwamvanso dzina la munthu mmodzi amene anagwetsa nyumba chifukwa cha mkwiyo, ndipo dzina lake likumbukika ndi chimenecho chokha.

Kumbukirani kuti mbiri ya munthu wotchukayu iyambira pa mzere umodzi wa m'kaundula wa ubatizo. Mabuku otere alipo ndi kwathu kuno, ndipo tidziwa zimene nkhondo, mvula ndi chiswe zimachita ndi mapepala. Mlembi amene analemba dzina la khanda la mmisiri uja mu 1564 sanadziwe kuti akulemba yani. Nafenso sitidziwa kuti mwa maina amene ali m'mabuku athu, kapena mwa ana amene akhala pansi apa, ndi liti limene adzukulu athu adzalifunafuna.