Gombe la Miyala la pa Chizumulu

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi mlangizi wa zaulimi, pa nthawi ya alimi.

Lero ndifuna tichokeko kumunda pang'ono, ndikutengeni ku malo ena amene ndinawaona ndi maso angawa. Koma musataye khasu, chifukwa pobwerera muona kuti nkhaniyi ili kukhudza khasu lomwelo.

Pa nyanja yathu pali zilumba ziwiri, Likoma ndi Chizumulu. Zilumbazi ndi za dziko la Malawi, koma madzi ozizungulira ndi a Mozambique, ndipo mapiri a tsidya lija aoneka pafupi ndithu. Likoma ndicho chachikulu, ndipo ambiri achidziwa chifukwa cha tchalitchi cha St Peter chimene a mishoni ya UMCA anayamba kumanga mu 1903. Chizumulu ndi chaching'ono, kotero kuti munthu wolimba miyendo atha kuchizungulira pansi dzuwa lisanalowe. Ine ndinapita kumeneko pa sitima ya Ilala, ija inayamba kuyenda pa nyanjayi mu 1951. Tinakwera pa Nkhata Bay, ndipo titafika sitimayo inaima patali, ife n'kutsikira m'maboti aang'ono pamodzi ndi matumba a ufa ndi mitolo ya nkhuni. Nkhuni zimenezi muzikumbukire, tizipezanso kutsogoloku.

Nditatha ntchito imene ndinapitira, nkhalamba ina ya pamudzipo, msodzi wakale, inati, "A Mlangizi, mwaona minda yathu, koma nyanja yathu simunaione. Mawa mulawire." M'mawa mwake tinatsata kanjira kopita pakati pa minda ya chinangwa ndi milambe ikuluikulu, kenaka tinayamba kutsika potsetsereka, pena chogwira miyala ndi manja. Potsiriza tinatulukira pa kagombe kobisika pakati pa matanthwe awiri. Panalibe nyumba, panalibe thandala loyanikapo usipa, ngakhale bwato limodzi. Mchenga unali wochepa, wongokwanira kukhalapo anthu owerengeka. Kwina konse inali miyala yosalala, ina yaikulu ngati nkhokwe, imene mafunde akhala ali kuisula zaka zosawerengeka. Nkhwazi inali pa mtengo pamwamba pathu, ndipo kutali pakati pa nyanja kunali kufuka nkhungu ngati utsi wa lupsa.

Madzi ake ndiwo anandidabwitsa. Ndinaima pa mwala ndi kuona pansi penipeni, ngati ndili kuyang'ana m'mbale. M'menemo munali tinsomba tambirimbiri, tina tobiriwira ngati thambo, tina tachikasu, tina ta mizeremizere. Nsomba zimenezi ndi mbuna. Chakudya cha zambiri mwa izo ndi ndere zomera pa miyala, ndipo zimazipala ndi mano monga mayi apalira m'munda. Yaikazi isunga mazira m'kamwa mwake pafupifupi masabata atatu, osadya kwenikweni, kufikira ana atatha kusambira okha. Mbuna sizikonda kuoloka mchenga kapena madzi akuya, chifukwa chake gombe la miyala lililonse likhala ndi mitundu yakeyake, ndipo ina ya pa zilumbazi simungaipeze kwina kulikonse pa dziko lapansi. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yambiri koposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Ndicho chifukwa Boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear mu 1980, ndipo a UNESCO anaiwerengera pa malo ofunika a dziko lonse mu 1984.

Ndinafunsa kuti, "Agogo, bwanji madzi a pano ali oyera chotere?" Iwo sanayankhe ndi mawu, anangoloza kumtunda. Pamwamba pa gombelo panali mitengo ndi udzu, popanda khasu linapitapo. Pobwerera anandidutsitsa pa gombe lina, pansi pa munda umene mizere yake inatsata kutsetsereka kwa phiri. Pamenepo madzi a mvula anali atakumba chigwembe, ndipo miyala ya m'madzi inali itakutidwa ndi matope. Tinsomba tinalipo towerengeka chabe.

Tsono taonani mmene zinthuzi zigwirizanirana. Mvula ikagwa pa phiri lopanda mitengo, itenga nthaka ya pamwamba, imene ili ndi chonde, ndi kukaitaya m'nyanja. Matope akakhala pa miyala, ndere sizimera bwino chifukwa dzuwa silifikapo, ndipo nsomba zisowa chakudya ndi pobisala. Mlimi wataya chonde, msodzi wataya nsomba, ndipo pa chilumba mlimi ndi msodzi ndi munthu mmodzi yemweyo. Kumtunda kuno munthu akaguga munda amati ndikatsegula wina. Pa chilumba palibe kothawira, pakuti nthaka ithera pamene payambira madzi. Nkhuni zija tinatsika nazo m'sitima zili kutiuza kuti mitengo ya pa chilumba siikwanira anthu ake.

Kodi inu a ku Ntcheu kapena a ku Mzimba muti nkhaniyi si yanu? Mitsinje ya Linthipe, Bua, Dwangwa ndi South Rukuru yonse ithira m'nyanja yomweyi. Madzi ofiira amene muwaona m'mitsinjeyi mwezi wa January ndi minda yanu imene ili paulendo. Mankhwala ake muwadziwa kale. Limani mizere yopingasa phiri motsata akalozera. Tsekani mizereyo ndi ngonyeka kuti madzi aime ndi kulowa pansi. Pamene pali miyala yambiri, iunjikeni m'mizere yopingasa, ndipo bzalani udzu wa vetiva m'mbali mwake. Musatenthe mapesi, akwirireni. Musalime kufika m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje kapena mwa nyanja. Madzi akatayika saoleka, ndipo nthaka nayo ili chimodzimodzi.

Kwa inu amene mufuna kukaona gombe lotere, ndili ndi mawu anayi. Choyamba, mukafika pitani kwa a mfumu mukapereke moni, ndipo pemphani munthu wa pamudzipo akutsogolereni. Safunsa anadya phula. Chachiwiri, samalani nyengo. Kuyambira May kufikira August kuomba mphepo ya mwera, imene iutsa mafunde aakulu mwadzidzidzi, kotero musakwere bwato eni nyanja akakuletsani. Chachitatu, miyala yonyowa iterera chifukwa cha ndere, ndipo chipatala chili kutali. Yendani pang'onopang'ono, ndipo musadumphire m'madzi pamene simudziwa kuya kwake. Pa madooko a bango ndi madzi odekha pakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndiye ngati mwasambapo, kayezetseni kuchipatala mukabwerera. Chachinayi, musasiyepo mabotolo kapena mapepala a pulasitiki, musadule mtengo wowotchera nsomba, ndipo musakokepo neti ya udzudzu, chifukwa imeneyo ikokolola ndi ana omwe a nsomba.

Tisanasiyane, agogo aja anandiuza kuti iwo anasambira pa gombe lija ali mwana, ndipo afuna kuti adzukulu awo akalipeze lili chomwecho. Zimenezi zitheka ngati ife a khasu tigwira nthaka yathu kuti ikhale kumunda. Mvula isanagwe chaka chino, pitani kwa mlangizi wa kwanuko akuthandizeni kuika akalozera m'munda mwanu.