Vetiva: udzu umene mizu yake imalowa pansi

Amayi ndi abambo, phata lili m'manja mwangali ndalizula m'mawa uno ku nazale. Liyende m'manja mwa aliyense, ndipo musaope kuligwira. Dzina lake ndi vetiva, ophunzira amati Chrysopogon zizanioides, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku India.

Yambani mwaona masambawa. Ndi aatali, amafika mita imodzi ndi theka, koma m'lifupi sakwana ndi sentimita imodzi yomwe. Pakati pake mpopindika ngati ngalande, ndipo mukasisita m'mbali mwake mumva kukala. Amaima chilili, sagona ayi. Pansipa, pamene mapesi atulukira, taonani kuthithikana kwake: mphukira iliyonse yaphuka pambali pa inzake, popanda mpata woti chala chilowe. Mapesi amenewa ndiwo amasefa madzi. Madzi a mvula akamatsika munda ndi liwiro, akafika pampanda wa vetiva amafooka, dothi limatsalira kumtunda, madziwo n'kumadutsa pang'onopang'ono, ena n'kulowa m'nthaka.

Tsopano tembenuzani phatalo, tione mizu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Amayi inu munandifunsa mwezi watha kuti, "Alangizi, udzu umenewu sudzatilanda munda ngati kapinga?" Funso limenelo ndi la mlimi wodziwa, pakuti kapinga ndi nansongole zatithyola misana. Udzu umenewo umayanga, umayenda cham'mbali, ndipo kachidutswa kamodzi kotsala m'nthaka kamabala munda wonse. Vetiva alibe mayendedwe otero. Mizu yake ndi yambirimbiri, yaing'ono ngati ulusi, ndipo yonse imaloza pansi. Panthaka yabwino imafika mamita 3 kapena 4, kuya kuposa dzenje la chimbudzi. Ndiye chakudya ndi chinyezi amakatapa kutali, kumene mizu ya chimanga siifika. Pamene mwamubzala mpomwe adzakhale. Ngayaye zake zofiirira mudzaziona, koma mtundu umene timagawawu njere zake sizimera, choncho mphepo singakufesereni vetiva m'munda wa mnzanu.

Nunkhizaninso mizuyo. Mwamva kafungo? Ku Haiti, Indonesia ndi India amaitcheza n'kupanga mafuta onunkhira. Koma ife tikakumba mizu, tagumula mpanda wathu womwe.

Chilala amachipirira chifukwa cha kuya kwa mizuko. Moto ukadutsa, masamba amapsa koma amaphukanso, popeza pophukira pake pabisala m'dothi. Chimene sagwirizana nacho ndi mthunzi. Pansi pa mango sadzakula bwino.

Kabzalidwe kake nkosavuta, koma ambiri timalakwitsa pa chinthu chimodzi. Gawani phata m'timagulu ta mphukira ziwiri kapena zitatu. Dulani masamba kuti atsale masentimita 20, mizu nayo muifupikitse. Bzalani pa akalozera amene tinayeza ndi chingwe aja, mvula itakhazikika, nthaka ili yonyowa, ndipo mupondereze dothi ndi chidendene. Mpata wake ndi masentimita 10 mpaka 15, ngati chikhatho changachi basi. Cholakwa ndinanena chija n'chotalikitsa mipata pofuna kuti mbewu ikwanire munda wonse. Ndinaona m'munda wina mapando atatalikirana phazi lathunthu ndi kupitirira. Madzi anapeza khomo, anadzipanikiza pamenepo, ndipo pofika Febuluwale panali kachigwembe pamalo pomwe kale panalibe. Zinandiwawa, chifukwa mwini mundayo anakhetsa thukuta lake. Mbewu ikachepa, tsekani kalozera mmodzi wakumtunda bwinobwino, enawo mudzagawa kuchokera pamenepo chaka chamawa. Pamene pafa phando, pakizani msanga.

Chaka choyamba mupalire ndipo ziweto zisamazule, popeza masamba anthete zimadya. Mpanda umatsekana pakatha nyengo za mvula ziwiri kapena zitatu. Ukakula, muzimweta ndi chikwakwa kusiya msinkhu wa m'bondo. Kumwetako kumachulukitsa mphukira. Udzu womwetawo foleraniko khola kapena phimbirani nthaka kudimba.

Loweruka tikumane kumunda kwa afumu m'mamawa dzuwa lisanakwere. Aliyense abwere ndi khasu ndi chikwanje, tikabzale kalozera woyamba pamodzi, kuti mpata wa chikhathowu aliyense auyeze ndi dzanja lake.