Mmene Makina Amawerengera Maina a Alimi

Lero sindinena za mizere kapena manyowa, koma za kaundula wa maina anu.

Akuluakulu mukukumbukira kuti mu 2005 Boma linayamba kugawa makuponi a fetereza. Mu 2017 tinalembetsa zitupa za unzika, ndipo mu 2020, pa ndondomeko ya AIP, wogulitsa anayamba kujambula chitupa ndi foni m'malo molandira kuponi. Kuyambira pamenepo dzina la mlimi limayamba lawerengedwa ndi makina lisanafike m'maso mwa munthu.

Tsono makina sadziwa munthu. Kalaliki wakale akaona dzina lolakwa pang'ono ankati, "Awa ndi Che Uje a kutsidya," nakonza. Kompyuta siitero. Mlimi aliyense ali ndi mzere wake m'kaundula: dzina, nambala ya chitupa, mudzi, mfumu. Pakati pa izi pali kachizindikiro kolekanitsa, ndipo makina amadula mzerewo pa kachizindikiro kalikonse, nafananiza chidutswa chilichonse chilembo ndi chilembo. Taonani dzina la dera lathu lomweli. Ena amalemba Nsamala, ena Msamala. Kwa ife ndi mfumu imodzi, koma makina osauzidwa amayesa mafumu awiri. Nambala ya chitupa ili ndi zilembo zosakaniza ndi manambala. Wolemba akalumpha chimodzi, kapena kuika S pamene pali 5, mlimiyo watayika, ngakhale ali chilili pakhomo pa depoti ndi ndalama m'manja.

Chifukwa chake pa tsiku lolembetsa bwerani ndi chitupa chenicheni. Musatchule nambala ya pamtima, ndipo musatume mwana ndi kapepala. Wolemba akatha, muuzeni akuwerengereni mokweza, inu kapena mdzukulu wanu mukuyang'ana pa chitupa. Ena amachita manyazi kubweza mlangizi. Ine ndikonda mlimi wondibweza mu Ogasiti koposa wodzandilirira mu Disembala.

Mawu ena ndi a inu alangizi anzanga ndi alimi otsogola amene mumagwira mafoni a ntchito. Foni ikaoneka ngati yaima, musafulumire kudinanso kawiri katatu. Yambani mwaona chimene ikuchita. Mkati mwake mumayenda ntchito zambiri nthawi imodzi, zina zosaoneka: nyimbo, WhatsApp, zithunzi zimene zikutsika. Tsegulani pamene pamaonetsa mapulogalamu otseguka, mutseke osafunika, musiye ya kaundula yokha. Ngati ikusonyeza kuti ikutumiza, idikireni, pakuti kumidzi netiweki imabwera ndi kupita. Mukaizima pakati, mzere wa mlimi ukhoza kusafika. Mukabwereza, dzina likhoza kulowa kawiri.

Kuno ku Balaka mvula ndi yochepa ndipo sichedwa kutha. Dzina likasowa, pitani kwa mlangizi wa dera lanu sabata lomwelo, chitupa chili m'manja, mvula yobzalira isanagwe.